Kodi Mtsikana Amayamba Liti Kusiya Sukulu?

Pa misonkhano yonse ya zamaphunziro, kaya ndi ya kulikulu ku Lilongwe kaya ndi ya pansi pa mtengo pamene komiti ya sukulu imakumana ndi makolo, funso loti n'chifukwa ninji ana aakazi amasiyira sukulu panjira limayankhidwa msanga, ndipo yankho lake limakhala lomwelo nthawi zonse: mimba ndi maukwati. Palibe munthu wanzeru amene angakane kuti zinthu ziwirizi zilipodi, pakuti kafukufuku wa Boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu, wochitika mu 2015 ndi 2016, anapeza kuti mwa akazi 100 alionse a zaka 20 kufikira 24, akazi 42 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18, ndipo mwa atsikana 100 a zaka 15 kufikira 19, atsikana 29 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati. Kafukufuku wina wa mu 2019 ndi 2020 anapeza kuti chiwerengero choyambacho chatsika kufika pa 38, kutsika kokondweretsa ndithu koma kosakwanira. Tsono ife sititsutsa mawu a pamisonkhanowo. Chimene tifuna kuonetsa awerengi athu, makamaka inu aphunzitsi ndi inu ogwira ntchito m'maofesi a Boma, ndi chakuti mimba ndi ukwati kawirikawiri zimangokhala khomo lotulukira, pamene ulendo wopita kukhomolo unayamba zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, mwanayo akali ku Sitandade 1.

Tiyeni tichite masamu apafupi. Lamulo liti mwana ayambe sukulu ali ndi zaka 6, ndipo makalasi a pulayimale alipo 8. Mtsikana woyamba pa msinkhu umenewo, ngati sabwereza kalasi, amalemba mayeso a Sitandade 8 ali ndi zaka 13 kapena 14, ndiye kuti pamene akutha msinkhu mayesowo ali pafupi, ndipo iye mwini ndi makolo ake akuona pothera ulendo. Taonani tsono mnzake amene anayamba ali ndi zaka 8, nabwereza Sitandade 1, nabwerezanso Sitandade 3. Ameneyu amalowa Sitandade 4 ali ndi zaka 13, ndipo ngakhale zonse zitamuyendera bwino kuyambira pamenepo, Sitandade 8 adzaifika ali ndi zaka 17. Amakhala namwali atakhala pansi pakati pa tiana ta zaka 9, timene timamuseka akalephera kuwerenga chiganizo pa bolodi. Pamudzi akazi anzake a msinkhu umodzi ayamba kufunsiridwa, ndipo iye kutsogolo kwake kwatsala zaka zisanu zathunthu. Munthu akabwera kudzafunsa mbeta pa nyumba imeneyo, sapeza chomuletsa chachikulu, pakuti sukulu inali itayamba kale kumutaya mwanayo.

Izi si zongoganizira pa desiki. Ku Karonga, m'dera la Chilumba, kuli ntchito ya kafukufuku imene kwa zaka zambiri yakhala ikutsata miyoyo ya anthu a m'midzi chaka ndi chaka. Mu 2018 akatswiri a ntchitoyo, pamodzi ndi anzawo a ku London School of Hygiene and Tropical Medicine, anasindikiza zimene anapeza, zakuti mtsikana wotsalira m'mbuyo pa makalasi akali wamng'ono ndiye amene amafulumira kutenga pakati ndi kukwatiwa koposa mnzake amene akuyenda ndi msinkhu wake. Kunena kwina, munthu woyang'ana kaundula wa Sitandade 2 kapena 3 mosamala akhoza kuloza lero lomwe atsikana amene ali pangozi yodzalembedwa kuti "anakwatiwa" zaka zisanu zikudzazo. Akuluakulu anati mmera mpoyamba, ndipo apa mwambiwu wagwirizana ndi manambala.

Nanga n'chiyani chimachedwetsa mwana kuyamba sukulu? Choyamba ndi mtunda. Kumene sukulu ili kutali, ndipo panjira pali mtsinje umene umadzaza nthawi ya dzinja kapena thengo loopsa, kholo limati mwana ayambe wakula pang'ono, ndipo mantha otere amakula koposa pa mwana wamkazi. Chachiwiri ndi chakuti mtsikana wa zaka 6 pamudzi ndi mlezi kale: amayi akapita kumunda kapena ku ganyu, iye ndiye amabereka khanda kumsana. Chachitatu, chimene sichitchulidwa kawirikawiri, ndi thupi la mwanayo. Ambiri a ife tikumbukira muyeso wakale uja, woti mwana adutsitse dzanja pamutu nagwire khutu la mbali inayo. Akalephera, abwerere kwawo akakule. Koma kafukufuku yemwe uja wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osafika zaka 5 anali opinimbira chifukwa cha kuchepa kwa zakudya zoyenera. Mwana wopinimbira wa zaka 7 amaoneka ngati wa zaka 5, kotero kuti njala imene inamulanda msinkhu imamulandanso zaka ziwiri za sukulu, ndipo onse omuona amati palibe cholakwika, mwanayo ngwamng'ono.

Akalowa, amakumana ndi kalasi imene ili yodzaza kuposa makalasi onse. Pamene Boma linachotsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo panalembedwa aphunzitsi zikwi zambiri amene anayamba ntchito atangophunzitsidwa masabata owerengeka. Chinali chinthu choyenera kuchita, ndipo ana aumphawi osawerengeka anaona mkati mwa kalasi chifukwa cha icho. Koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizinathe kuthamanga liwiro la ana, ndipo kufikira lero si chachilendo kupeza ana opitirira 100 pamaso pa mphunzitsi mmodzi wa Sitandade 1, pamene muyeso umene Unduna wa Zamaphunziro umafuna ndi ana 60. Pamwamba pa vuto limeneli ife eni tawonjezapo lina. Popeza mbiri ya sukulu imayesedwa ndi ana osankhidwa kupita ku sekondale, mphunzitsi wamkulu amaika aphunzitsi ake odziwa ntchito ku Sitandade 7 ndi 8, pamodzi ndi chipinda chofolera bwino ndi madesiki amene alipo, nasiya tiana toyamba pansi pa mtengo, pamene mvula ikangoyamba kudontha maphunziro athera pomwepo. Sitimuweruza mphunzitsi wamkuluyo, pakuti akuchita zimene akuluakulu ake amamuyamikira nazo. Koma zotsatira zake n'zakuti mwana amatha chaka osadziwa zilembo, nauzidwa kuti abwereze, ndipo obwerezawo amadzazanso kalasi ya chaka chotsatira.

Tinene chilungamo: m'makalasi oyambawa anyamata nawonso amabwereza ndi kusiya, ena chifukwa cha kuweta ng'ombe, ena chifukwa cha usodzi m'mbali mwa nyanja. Kusiyana kwake n'kwakuti mnyamata wa zaka 17 akhoza kukhala mu Sitandade 7 popanda womufunsa kanthu, pamene mtsikana wa zaka zomwezo mudzi wonse umamuwerengera masiku. Ndiponso kujomba kwa mtsikana n'kwa mtundu wina, kosaoneka msanga. Sasowa mwezi wathunthu. Amasowa Lachiwiri chifukwa chotumidwa kuchigayo, Lachinayi chifukwa ndi tsiku la msika, sabata yotsatira chifukwa pamudzi pagwa maliro ndipo pafunika otunga madzi, kenaka chifukwa agogo agonekedwa kuchipatala ndipo pafunika wowadikirira. Masiku amene wabwera amafika mochedwa, atayamba waima pa mzere wa pa mjigo, ndipo kumene ochedwa amapatsidwa chibalo cholima kapena kubwezedwa pachipata, tsiku lomwelo latayikanso. Teremu yachiwiri, imene imayamba mu Januwale, imagwa m'miyezi imene nkhokwe zambiri zilibe kanthu, ndipo banja lonse limakapalira m'minda ya ena kuti lipeze ufa wa tsikulo. Palibe tsiku limodzi mwa masiku onsewa limene kholo linganene kuti ndamuchotsa mwana sukulu; komabe pakutha pa chaka mwanayo waphonya gawo lalikulu la maphunziro, ndipo mayeso amuuza kuti ndi mbuli.

Pamenepa m'pofunika kuti ife olandira malipiro pa mwezi tisafulumire kunena kuti makolo a kumudzi sadziwa ubwino wa sukulu. Ambiri amaudziwa, koma amadziwanso kuwerengera. Sukulu yaulere imafunabe makope, zolembera, sopo wochapira ndi chovala chosachititsa manyazi, ndipo mtsikana akakula zofunika zake zimakula naye. Ngakhale Unduna unanena kalekale kuti mwana asabwezedwe chifukwa chosowa yunifolomu, namwali wovala nsanza pakati pa anzake ovala bwino amadzibweza yekha. Kholo limaonanso kuti mwana wake, pofika Sitandade 5 pamene maphunziro ambiri amasandulika a m'Chingerezi, akungokopera za pa bolodi osamva kanthu. Limadziwa kuti malo a ku sekondale ndi ochepa poyerekeza ndi olemba mayeso. Ndipo mwina pa nyumba yoyandikana pali mnyamata wa satifiketi ya Fomu 4 amene akugulitsa makala. Mbali inayo pali phindu looneka ndi maso. Kumene kuli chikamwini, mkamwini amabwera ndi khasu lake kudzalima munda wa apongozi. Kumene kuli malowolo, monga m'maboma ambiri a kumpoto, pamabwera ng'ombe kapena ndalama. Ku Karonga ndi ku Chitipa kwadziwika mchitidwe wa kupimbira, wopereka mwana wamkazi kwa munthu wachuma pobweza ngongole. Ndipo ku Mangochi ndi ku Mzimba mnyamata wobwera kuchokera ku Joni ndi foni ndi malata amaoneka ngati chipulumutso cha banja lonse. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Kholo lotere silingagonjetsedwe ndi nyimbo za pa tsiku la chikondwerero. Lingasinthe maganizo pokhapokha litaona kuti mwana wake akuwerengadi, akukweradi makalasi, ndipo mapeto ali pafupi.

Kuti ndalama zili pakati penipeni pa nkhaniyi, zinaonetsedwa bwino m'boma la Zomba mu 2008 ndi 2009. Akatswiri atatu, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler, anagawa atsikana osakwatiwa a zaka 13 kufikira 22 m'magulu. Mabanja ena ankalandira kandalama mwezi ndi mwezi pokhapokha mtsikana akamapita kusukulu mokhulupirika, ena ankalandira popanda lamulo lililonse, ndipo ena sanalandire konse. Ndalama zokhala ndi lamulo zinachepetsa kusiya sukulu koposa, ndipo atsikana ake anakhoza bwinopo pa kuwerenga Chingerezi. Koma chodabwitsa chinali chakuti ndalama zopanda lamulo ndizo zinachepetsa kwambiri maukwati ndi mimba, makamaka pakati pa atsikana amene anasiya sukulu, pakuti ngakhale anali pakhomo, sanafunikire kudalira mwamuna kuti apeze sopo. Akatswiriwo atabwereranso patapita zaka ziwiri ndalama zitaleka, anapeza kuti zabwino zambiri zija zafwifwa. Phunziro lake kwa ogwira ntchito ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo imawonjezera kandalama pa mwana aliyense wa pasukulu, n'lakuti thandizo lofika pa nthawi yake ndi losadukiza limagwira ntchito, ndipo lochedwa miyezi ingapo limapeza mwana atapita kale.

Pa mbali ya malamulo dziko lathu silinagone. Mu 1993 Boma linalola kuti mtsikana amene wachira abwerere kusukulu, ndipo ndondomekoyo inakonzedwanso mu 2018. Lamulo la Zamaphunziro la 2013 linati maphunziro a pulayimale ndi okakamiza. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko lino ndi kutseka mpata umene unkalola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomereza. Ku Dedza, Mfumu Yaikulu Theresa Kachindamoto inatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuimitsa paudindo nyakwawa zimene zinkawaloleza. Zonsezi n'zotamandika, ndipo zisabwerere m'mbuyo. Koma onani kuti pafupifupi zonse zaima pa khomo lotulukira lija. Mtsikana wa zaka 16 amene ukwati wake wathetsedwa amabwezedwa ku Sitandade 5 imene anaithawa, ali ndi khanda losowa womusiyira, osatha kuwerenga monga kale, ndipo umphawi umene unamukwatitsa ukali pakhomo pomwepo. Tikamawerenga maukwati othetsedwa, tiyenera kuwerenganso kuti mwa atsikanawo ndi angati amene anali m'kalasi chaka chotsatira.

Masoka a zaka zapitazi anatsimikiza mfundo yomweyi mowawa. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndi kuyamba kutsegulidwa mu Seputembala, kafukufuku wa Boma anapeza maukwati a ana pafupifupi 13,000 ndi mimba za atsikana zopitirira 40,000. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatseketsa sukulu m'maboma a kummwera, ndipo zambiri zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Sukulu ikaima, msinkhu wa mtsikana suima nawo.

Za chinamwali zanenedwa zambiri, ndipo sitichulukitsapo. Kumene mafumu ndi anankungwi agwirizana kuti tsimba lizichitika pa tchuthi ndi kuti malangizo olimbikitsa mwana kuyesa za chikulu achotsedwe, mwambo ndi sukulu zikukhalirana bwino. Chimene chili m'manja mwathu ndi za pasukulu pomwe. Namwali amene ali kumwezi, pa sukulu yopanda chimbudzi chotseka bwino ndi madzi, akhoza kukhala kunyumba masiku amenewo. Kuchotsedwa kwa msonkho pa mapadi mu 2022 kunathandiza ogula m'sitolo, koma wa kumudzi amadalirabe kansalu ndi magulu a amayi a pasukulu amene amasoka. Sukulu zambiri zakutali zilibe mphunzitsi wamkazi ndi mmodzi yemwe, chifukwa palibe nyumba imene mayi angakhalemo mosaopa, motero mtsikana alibe womuuza vuto lake, alibenso womuonera kuti mkazi wophunzira amakhala wotani. Ndipo pali chinthu china chimene tiyenera kuchinena mosabisa, pakuti tsamba lino amaliwerenga ndi aphunzitsi: mphunzitsi wopereka mimba kwa mwana wa sukulu waphwanya lamulo, ndipo kumusamutsira ku sukulu ina mwakachetechete n'kungomupatsa ana ena. Aphunzitsi ochuluka okhulupirika, amene akugwira ntchito yolemetsa m'malo ovuta, ndiwo oyamba kuipitsidwa mbiri ndi kubisa kotere.

Tsono tichitenji? Zipinda zatsopano ndi aphunzitsi owonjezera zimadikira bajeti, ndipo zimenezo tizisiye kwa amene ali ndi udindo wake. Koma pali zina zosafuna ndalama zambiri. Mphunzitsi wamkulu aliyense ali ndi kaundula wokhala ndi zaka za ana. Atenge cholembera, achonge mtsikana aliyense wa Sitandade 1 kufikira 4 amene wapitirira msinkhu wa kalasi yake ndi zaka ziwiri kapena kuposa, ndipo maina amenewo aperekedwe kwa gulu la amayi ndi kwa komiti, kuti mwana wotere akajomba masiku atatu otsatana, wina akafike kwawo sabata yomweyo. Mphunzitsi waluso koposa onse pa sukulu aikidwe ku Sitandade 1 kapena 2, ndipo kuikidwa kumeneko kuyesedwe ulemu, pakuti kuphunzitsa mwana kuwerenga ndiyo ntchito yovuta kuposa kubwereza mafunso a mayeso akale. Izi sizingatheke ngati alangizi a maphunziro a m'mazoni ndi akuluakulu a maphunziro a pa boma apitiriza kufunsa funso limodzi lokha, loti mwasankhitsa angati. Afunsenso kuti mwa atsikana amene munalemba zaka zitatu zapitazo, ndi angati ali mu Sitandade 4 lero, ndipo ndi angati akutha kuwerenga ndime ya Chichewa mosadodoma.

Ena adzati: ngati kubwereza ndiko kukupha ana, bwanji osangowakweza onse? Yankho n'lakuti kukweza mwana wosadziwa zilembo n'kungosamutsa manyazi ake kuwapititsa ku kalasi yapamwamba, kumene adzakula koposa. Komanso kumubwezera m'kalasi ya ana 120, kwa mphunzitsi yemweyo ndi njira yomweyo imene inalephera chaka chatha, sikuchiza kanthu. Chofunika ndi kumupeza pakati pa chaka, chisanathe, ndi kumupatsa theka la ola la kuwerenga m'kagulu kochepa ana ena ataweruka, pakuti makalasi aang'ono amaweruka msanga ndipo zipinda zimakhala zopanda anthu. Kumene kuli phala la pasukulu, monga la bungwe la Mary's Meals limene linayamba ntchito yake m'dziko muno mu 2002, kagulu kotere sikavuta kukasunga, chifukwa mwana wokhuta amadikira.

Chotsala ndi kulemba ana pa msinkhu wake, ndipo apa aphunzitsi sangathe okha. Alangizi a zaumoyo a m'midzi amadziwa ana onse a m'dera lawo, ndipo tsiku lobadwa la mwana linalembedwa m'buku lake la kusikelo, kotero kuti muyeso wogwira khutu ulibenso ntchito. Olera ana m'sukulu za mkombaphala amadziwa amene akwanitsa zaka. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala. Ndiye kuti m'mwezi wa Julayi kapena Ogasiti mlangizi wa zaumoyo, nyakwawa ndi mphunzitsi wamkulu akhale pansi tsiku limodzi, alembe maina a ana onse a m'mudzi amene akwanitsa zaka 6, ndipo sabata yoyamba ya teremu ikatha, ayerekeze mndandandawo ndi kaundula wa Sitandade 1, naone amene sanabwere.